Wakuba Nsapato wa ku Bin Mahmoud

Lemani anakulira ku Mbayani, kumene munthu ukayanika malaya pachingwe umakhala pompo mpaka aume. Njinga anamubera, wailesi anamubera, ndipo tsiku lina anamubera chitseko cha chimbudzi iye ali mkati. Ndiye atafika ku Doha n'kupatsidwa yunifolomu ya ulonda pa nyumba ina yosanja ku Bin Mahmoud, mumtima anati ntchito yapeza mwini wake.

Koma akuba kunalibe. Ntchito yake inali kukhala padesiki masiki ili kukamwa, kuloza kamfuti koyezera kutentha pamphumi pa aliyense wolowa, ndi kuona ngati Ehteraz, pulogalamu ya korona ya pafoni, ili yobiriwira. Basi. Munthu wodziwa mayendedwe a wakuba ali patali, lero akuyeza malungo.

Chimene chinkamupweteka mtima chinali kutayirira kwa anthu a m'nyumbamo. Korona itavuta, anayamba kuvula nsapato panja pa makomo poopa kulowetsa matenda. Nsapato zenizeni, osati za pakaunjika. Anyamata a delivery nawo ankangoika katundu pakhomo, kugogoda, n'kuthawa. Katoni inkatha kuswera pamenepo yopanda woiyang'anira. Lemani akamayendera makolido ankagwira kumutu.

"Anthu awa sanaberedwepo," ankatero yekha. "Tsiku limene kudzalowe wa kwathu mmodzi muno, adzalira m'zilankhulo zonse."

Anayamba ndi nsapato zothamangira, zoyera mbee. Anazitola, kuzipukuta, n'kukazitsekera m'kachipinda ka alonda kunsi kwa masitepe. Anakonzeratu ndi mawu olangiza mwini wake akabwera kudzafunsa. Mwini wake sanabwere. Masiku amenewo anthu sankatsika wamba, ndipo otsikawo ankamulambalala mlonda ngati ndi iye anabweretsa matendawo. Lemani anati mwaona, sakudziwa n'komwe kuti zasowa. Anatolanso masandasi, kasikuta ka mwana, katoni ya ayironi, ndi nsapato zofiira zazitali zidendene. Kachipinda kanayamba kuoneka ngati benchi ya mu Limbe.

Nthawi yomweyo malamulo a ntchito anali atasintha: munthu ankatha kusintha kampani popanda kugwadira bwana kuti amulole. Halima, mayi wa ku Mangochi amene ankachita lendi fulati m'nyumba yomweyo ndi anzake, anamupezera malo a ulonda pa hotelo imene iye ankayala mabedi. Malipiro abwinoko, chakudya chaulere, chipinda cha anthu awiri osati asanu ndi atatu. Lemani anali atapereka kale notisi. Chimene a hotelo ananenetsa chinali chimodzi: asakhale ndi nkhani ku polisi.

M'mawa wina Halima anaima padesiki, manja m'chiuno.

"A Lemani, kodi mumagona pantchito?"

"Ine? Asisi, maso awa satseka."

"Nanga wakuba walowa bwanji? Gulupu ya WhatsApp ya nyumba ino ikuwira. Anthu akuti Bin Mahmoud yaonongeka, ena akufuna kusamuka."

Lemani anadzuka mpando n'kugwa. Nkhope inawala. "Ndinanena ine! Ndinanena! Waba chiyani?"

"Akuba zopusa. Nsapato, masandasi. Kasikuta ka mwana wa Mfilipino uja. Wina ayironi yake yatsopano sanaione n'komwe."

Lemani anatola mpando pang'onopang'ono n'kukhalapo.

"Ayironi ya mtundu wanji?"

"Mukufunsa mtundu kuti mutani?"

Lemani anatenga kiyi, kumukodola Halima, n'kukatsegula kachipinda kaja. Halima anayang'ana. Anayang'ananso Lemani. Kenaka anaseka mpaka masiki inatsikira kuchibwano, n'kukhala pansi pa sitepe misozi ili chuchuchu.

"Ndimasunga!" anatero Lemani. "Kusunga ndi kuba ndi zofanana?"

"Mwawauza eni ake?"

"Iwo anandifunsa?"

"Akufunsani bwanji poti m'gulupu mulibemo? Mayo ine, nthiti zanga." Anapukuta m'maso, nkhope n'kusintha. "Tamverani achimwene. Mudir akubwera mawa kudzatsegula CCTV. Walemba yekha kuti akangoona nkhope, straight ku police. Kuno wakuba samuthamangitsa ndi miyala ayi. Ndi jail, kenako ndege. Hotelo muiiwale, khalas, zatha."

Mudir anali bwana woyang'anira nyumbayo, Msudani wamtali wosaseka wamba.

"Ndibweza," anatero Lemani. "Lero lomwe."

Anadikira masana, dzuwa litafika poti ngakhale amphaka abisala, aliyense ali mtulo ndi AC. Anadzaza katundu m'thumba lakuda n'kukwera lifiti. Atafika pakolido yoyamba m'pamene anazindikira vuto: zitseko zonse zinali zofanana, ndipo iye sankakumbukira kuti chiti anachitola pati. Ndiye anagwiritsa ntchito nzeru. Nsapato zazikulu anaika pakhomo pamene pamamveka mawu aakulu. Ayironi anaika kwa mnyamata amene amatuluka ndi malaya okwinyika. Nsapato zofiira zija anaika pakhomo limene linkanunkhira perefyumu. Zotsala, zimene zinamukanika kulota, anabwerera nazo.

Khomo la perefyumu linali la mkulu wina wa ku banki, amene mkazi wake anapita kwawo kukaona makolo ndipo ndege zitaimitsidwa anatsekeredwa komweko. Woyandikana naye anajambula nsapatozo n'kuponya m'gulupu kufunsa mwini wake. Mkazi uja, ngakhale anali kutsidya kwa nyanja, m'gulupumo analimo.

Mudir sanadikirenso za mawa. Anafika madzulo omwewo, mkulu wa ku banki ali pambuyo pake, tsitsi lili nyankhalala, foni ikulira m'manja osaleka. Halima naye anatsika, akuti kudzataya zinyalala, koma thumba la zinyalala analibe.

"Security, bwera uone nawe," anatero Mudir. "Mwina umudziwa."

Anatsegula kompyuta. Pagalasi panaoneka kolido. Kenaka panatulukira munthu wa yunifolomu, akuyenda mwaulemu wake, manja kumbuyo. Anawerama, kutola nsapato zoyera, kuziuzira fumbi, kupukusa mutu, n'kuyang'ana kamera ngati akufuna imuvomereze. Mudir anayang'ana pagalasi. Anayang'ana Lemani. Anabwezanso kanemayo kuti aonetsetse.

"Bwana, ndimudziwa," anatero Lemani.

Anafotokoza zonse. Anati kwawo chinthu chosiyidwa panja ndiye kuti mwini wake watopa nacho. Anati mlonda amene amadikira kuti chibedwe kaye si mlonda, ndi mboni chabe. Anati palibe chimene wagulitsa, palibe chimene wavala, ndipo zonse wazipukuta ndi nsalu yake.

"Tsegula chipindacho," anatero Mudir.

Pa zotsala zija panali masandasi achikopa, akuda, aakulu ngati mabwato. Mudir anawanyamula n'kuwayang'anitsitsa.

"Awa unawatenga kuti?"

"Pakhomo pa kachipinda kopempherera, bwana. Anangosiyidwa."

"Anangosiyidwa chifukwa ndinali mkati ndikupemphera!" Mawu anagunda denga. "Wallah, ndinayenda wopanda nsapato mpaka pagalimoto. Masana! Phula limene lija! Sabata yonse ndimayenda ngati bakha, mkazi wanga akundipaka mafuta kumapazi!"

Anatulutsa foni kuti aimbire polisi. Lemani anaona hotelo ikuchoka, bedi lake la chipinda cha anthu awiri likuchoka, iye akutsika ndege pa Chileka ndi kachikwama kamene anapita nako.

Halima anatsokomola.

"Mudir, pepani, ine ndi wongodutsa. Koma mukaimba foniyo, kubwera ma-statement. Mawa akuitanani, mkuja akuitanani. A kampani akufunsani kuti kamera inali pompo, inu mumaonera chiyani masiku onsewa. Ndipo anthu a m'gulupu amva kuti wakuba munamulemba ntchito ndinu." Anatambasula manja. "Mukamusiya, month end munthuyu wapita yekha. Akakhala mutu wa ena."

"Wa ndani?"

"Wa hotelo yathu."

Mudir anamuyang'ana Halima ngati akumumvera chisoni. "Hotelo ili ndi makomo angati?"

"Ambiri, bwana."

"Ndipo alendo amasiya zinthu panja?"

"Mathireyi, nsapato zoti zipolishidwe, masutikesi."

Pamenepo pakamwa pa Mudir panagwedezeka. Anayesa kudzigwira, koma phwete linatuluka kudzera m'masiki. Anabweza foni m'thumba.

"Yalla. Pita ku hotelo yako. Mulungu awathandize. Koma kufikira month end usakhudze kanthu m'nyumba muno. Ukaona golide pansi, umulumphe. Wamva?"

"Ndamva, bwana. Zikomo, bwana."

"Sindinamalize. Katundu yense umuyale pano pa lobby, aliyense adzatenge chake, ndipo aliyense umupepese. Koma uyambe ndi uyu."

Mkulu wa ku banki anali atamuimbira kale mkazi wake pa video. Anamupatsa Lemani foni m'dzanja limodzi, nsapato zofiira m'dzanja linalo. Pagalasi panali mayi wa maso ofiira kuposa nsapatozo, ndipo kumbuyo kwake kunadzaza mayi ake, azakhali ake ndi alongo ake awiri, onse atapinda manja.

Lemani anakonza kolala, kuimirira mowongoka ngati pa perete.

"Madam, good evening. Ine ndine security. Nkhaniyi kuti muimvetse bwino, ndiyambe ndakuuzani za kwathu ku Mbayani."

"Mwachidule!" anakuwa Mudir.

"Mwachidule, madam, amuna anu ndi munthu wabwino. Cholakwa chawo ndi perefyumu."