Khosi la Ng'ombe ya Goliati

Goliati atagula golosale imene anasiya mmwenye pamsika wina wa kwa Kawinga, choyamba kulowetsamo sichinali shuga kapena sopo iyayi. Inali filiji ya palafini, yoyera mbee, yofika munthu m'mapewa. Inabwera pa lole ya thonje kuchokera ku Balaka, itafunditsidwa mabulangete ngati wodwala malungo, ndipo tsiku limenelo anthu anasiya malonda awo kudzaonerera. Goliati anaima pakhonde, chipewa cha ku Joni chitapendekeka, nayamba kulalikira.

"Inu mumadya nyama imene ntchentche zalawa kale. Ine ndagwirapo m'butchala ku Bulawayo. Ku Beira ndinkaphikira azungu mu hotela, ku Kitwe fupa tinkadula ndi makina. Kumeneko nyama imagona m'chisanu ngati bwana. Lero chisanu chija ndakubweretserani pakhomo."

"Uyambe walowamo iweyo, pakamwapo pazizire," anatero Usumani ali pansi pa khondelo.

Anthu anaseka, ndipo woseka kwambiri anali Goliati mwini. Munthu wina akanayankhula choncho akanaona zakuda, koma Usumani sanali munthu wina. Awiriwa anakulira mudzi umodzi, wina mwana wa Mlomwe wopemphera ku tchalitchi, wina mwana wa Myao wa kumzikiti. Anakwera ndege ya Wenela limodzi kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo Goliati atathyoka mwendo pansi pa mgodi, amene ankamusambitsa ndi kumudyetsa anali Usumani. Kontirakiti itatha Usumani anabwerera kwawo kukakwatira Lukiya, Goliati n'kupitiriza kuzungulira maiko. Anabwerako ndi masuti, wailesi, ndi nkhani zosatha. Omvera nkhanizo anali ambiri, koma munthu womudziwa Goliati wopanda chipewa anali mmodzi yekha, ndipo Goliati ankadziwa zimenezo.

Malonda a nyama nawo ankayenda chifukwa cha Usumani yemweyo. Pamsikapo anthu ambiri anali Asilamu, ndipo Msilamu sadya nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu mnzake potchula dzina la Mulungu. Choncho mbuzi kapena ng'ombe iliyonse ya m'filiji ya Goliati inkadutsa kaye pa mpeni wa Usumani. Malipiro a wozinga anali khosi. Usumani ankalimanga ndi luzi, n'kulikoloweka pahandulo ya njinga, n'kudutsa nalo pakati pa msika popita kwawo. Chikwangwani chinali chimenecho. Amayi akangoona khosi likulendewera pa njinga ya Che Usumani ankatenga mbale zawo kulunjika ku golosale, osafunsa kanthu.

Chaka china, m'nyengo ija dzuwa limang'amba nthaka mvula isanagwe, Goliati anagula nkhunzi ya ng'ombe kwa woweta wina wa kudambo, m'mbali mwa msewu wa ku Chikweo. Inali ng'ombe yake yaikulu kuposa zonse, ndipo anali atalengeza kale msika wonse kuti Loweruka kudzadyedwa nyama imene ngakhale a ku Zomba sanaione. Anapangana kuti Usumani akaizinge Lachisanu. Koma mmawa wa tsikulo kunabwera uthenga wakuti atsibweni ake a Usumani amwalira ku Chikweo. Usumani anaima ndi njinga pa golosale, phazi limodzi lili pansi.

"Ng'ombe ija idikire. Ndikabwera ndidzaizinga."

"Nanga Loweruka langa?"

"Loweruka lilipo lina. Atsibweni anali amodzi."

Anapalasa n'kumapita. Dzuwa litakwera, Goliati anapita kukhola kukauza woweta kuti asunge kaye ng'ombeyo. Anaipeza ili gone kuseri kwa khola, miyendo ili m'mwamba, mimba itatupa ngati ng'oma. Ntchentche zobiriwira zinali zitayamba kale msonkhano pamphuno pake.

"Yagwa kusanache," anatero woweta uja. "Dzulo imadya bwinobwino. Tiikwirire, bwana. Koma ndi yanu, munagula kale."

Goliati anaizungulira ng'ombeyo. Anaganiza za Loweruka, za anthu amene anawauza, za mmene akamusekere kuti wa ku Bulawayo wagula maliro. Kenako anaganiza za filiji. Kodi si chisanu chimapha tizilombo tonse? Ku Kitwe nyama inkakhala miyezi, anthu n'kudya osamva ngakhale mutu. Anadziuza zimenezi kangapo mpaka zinayamba kumveka ngati zoona. Anabwereka mpeni, nacheka pakhosi pa ng'ombe yakufayo. Magazi sanathovoke monga amachitira. Anangotuluka pang'ono, akuda, olemera. Woweta analonjezedwa chikopa ndi zam'kati kuti atseke pakamwa, ndipo masana nyama inafika pa golosale pa ngolo, itaphimbidwa ndi masamba a nthochi.

Filiji ija inangokwana mwendo umodzi ndi nthiti pang'ono. Yotsalayo inagona m'mabeseni kuseri kwa kauntala.

Loweruka mmawa vuto linatsala limodzi: khosi. Popanda kudutsa pamsika, Msilamu aliyense akanangoyang'ana nyamayo n'kupitirira. Goliati anasuzumira panja naona Lukiya atakhala pansi pa mtengo wa mango, akugulitsa zitumbuwa monga mwa masiku onse. Anamanga khosi ndi luzi, momwe ankamangira Usumani, namuitana.

"Alamu, nali gawo lanu. Amuna anu anazinga dzulo akudutsa pakhola."

"Iwo aja osandiuza?"

"Ankathamangira maliro. Mukuwadziwa, mawu amawaumira ngati mchere."

Lukiya anaseka, nalandira ndi manja awiri. Analitembenuza pang'ono.

"Koma nyamayi yada bwanji, alamu?"

"Ndi chisanu cha filiji chimenecho. Ku Joni nyama yakuda chonchi ndiye ya mabwana."

Lukiya anasiyira mnzake zitumbuwa, nanyamuka ndi khosi lija m'manja kudutsa pakati pa msika, akupereka moni uku ndi uku. Asanafike n'komwe kumapeto kwa msika, pa golosale panali patayamba mzere.

Goliati anatsitsa mtengo kufika theka, akuti n'chikondwerero cha ng'ombe yaikulu. Kutsika kwa mtengoko kunaitana anthu amene sankafika pa kauntala yake nkale lonse: amayi amasiye, agogo olera zidzukulu, anthu amene nyama ankaiona pa Idi kapena pa Khirisimasi basi. Ankayang'ana sikelo ikutsika, osakhulupirira. Mayi wina wachikulire anamugwira dzanja namuuza kuti Mulungu amuonjezere pamene wachotsapo. Dzuwa lisanapendeke mabeseni anali gwaa.

Tsiku lotsatira msika unadzuka ndi kubuula. Nyumba iyi akusanza, nyumba iyo akutsekula m'mimba, ana ali lefuu pamikeka. Njinga zonse za m'mudzi zinasanduka ambulasi, ndipo amene sakanatha kukhala pa kaliyala ananyamulidwa pa machira kupita kuchipatala. Mwa onsewo wodwalitsa anali Lukiya, poti khosi analiphika tsiku lomwelo, n'kudyanso lotsala mmawa. Mulungu anachita chifundo, panalibe amene anamwalira. Koma Usumani pobwera ku maliro anapeza nyumba yotseka, ndipo mkazi wake anakamupeza kuchipatala ali ndi botolo la madzi pamkono, maso atalowa.

Amene anali pafupi anati Lukiya atamuona mwamuna wake ananong'ona kuti, "Ndi khosi lija munazinga popita ku Chikweo." Anati Usumani anangomufunditsa bwino nsalu.

Goliati anamva zonsezi ali m'golosale yotseka chitseko. Ankayembekeza kuti Usumani abwera kudzamumenya, ndipo mumtima ankafuna kuti abweredi. Sanabwere.

Amene anabwera anali ayufi, anyamata a chipani, kudzamutenga kuti akaonekere kwa a Amosi, tcheyamani wa chipani m'deralo. Msonkhano unachitikira pamsika pomwepo, anthu atadzaza mpaka pamsewu. Masiku amenewo nkhani ikafika m'manja mwa chipani, munthu ankatha kukwezedwa galimoto osadziwika tsiku lobwerera. Elsie, mkazi wa Goliati, anakhala kumbuyo ndi ana, chitenje chili kukamwa. Woweta uja sankaoneka, ankati wapita kwa abale ake kutsidya kwa malire.

"A Goliati," anatero a Amosi, "nkhani ndi yaifupi. Ngati ng'ombe inazingidwa ili moyo n'kupezeka kuti inali ndi matenda, imeneyo ndi ngozi. Ngati munatola yofa yokha n'kugulitsa anthu, inu ndi mdani wa anthu, ndipo muyankha kwina, osati pano. Tiuzeni."

Goliati, munthu amene ankatha kuyankhula kuyambira mmawa mpaka ng'ombe kubwerera kukhola, anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja.

"Wozinga alipo, bwanji osafunsa iye?" anatero Che Bakari, mkulu wa kumzikiti. "Che Usumani, anthu athu anagula chifukwa anaona khosi likupita kwanu. Tiuzeni pamaso pa Mulungu. Tadya chibudu kapena iyayi?"

Chibudu, nyama yofa yokha. Mawuwo atatchulidwa amayi ena analavula pansi.

Usumani anaimirira. Sanayang'ane kwa Goliati. Anayang'ana kumbuyo kumene kunali Elsie ndi ana, kenako pansi.

"Ndinazinga ndine," anatero. "Ndinaipeza itagona koma ikupuma. Ndinali pa changu cha maliro, sindinaione bwino. Kulakwa n'kwanga."

Anthu anang'ung'udza. A Amosi analamula kuti Goliati asagulitsenso nyama mpaka a zaumoyo adzaone filiji yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Che Bakari anali asanamalize.

"Wozinga amayang'ana diso la nyama asanatulutse mpeni. Inu mwazinga zaka zonsezi, mukudziwa. Kuyambira lero mpeni wanu upume, Che Usumani. Tipeza wina."

Usumani anavomera ndi mutu, natenga njinga yake n'kuikankha kutuluka m'khamulo. Anthu ankamupatukira ngati wanyamula matenda.

Goliati anadikira mpaka anamva kuti Lukiya watuluka m'chipatala. Anavala malaya wamba, chipewa anasiya, natenga shuga, masamba a tiyi ndi nsalu yatsopano. Anapeza Usumani akusoka mphasa pansi pa mtengo. Lukiya anali kuseri kwa nyumba, ataonda ngati bango, ndipo pa dzala panali mapale a mphika wongoswedwa kumene. Lukiya anabwera kudzagwada patali, napereka moni wa mlendo, n'kubwerera. Mawu akuti alamu sanamveke.

"Mkazi wanga ndinamuuza zoona," anatero Usumani, maso ali pa mphasa. "Ndinganamize msika, koma osati iye. Mphika anaphikiramo uja anamusiyira ndi mayi ake. Wauswa yekha."

"Achimwene, ndabwera kuti..."

"Elsie ali bwanji? Ana?"

"Ali bwino."

"Sanadwale?"

"Iyayi."

"Ngakhale mmodzi?"

Goliati anayang'ana mapale aja. "Tsiku limenelo kwathu tinadya matemba."

Singano inaima. Usumani anakweza mutu namuyang'ana koyamba chibwerere ku Chikweo, ndipo Goliati anazindikira kuti mnzakeyo anali atasunga kachiyembekezo kamodzi: kuti mwina chitsiruchi chinakhulupiriradi filiji yake, n'kudyetsanso ana ake omwe. Kachiyembekezo kameneko kanazima iye akuona.

"Ng'ombe yonse ija," anatero Usumani pang'onopang'ono, "kwanu matemba."

"Ndipita kwa Che Bakari. Ndikanena zonse. Ndipitanso kwa a Amosi, anditenge, ndatopa nazo."

"Ukanene kuti chiyani? Kuti Usumani sanazinge nyama yodwala, koma ananama atatchulidwa Mulungu? Pamenepo wandipulumutsa?" Anapukusa mutu. "Ndipo ana ako adzadya chiyani iwe uli m'ndende? Ndinanama chifukwa cha iwowo. Usandibwezere bodza langa, ndalilipira kale."

Goliati anakankhira patsogolo shuga ndi nsalu zija. Usumani sanazikhudze, ndipo sanazikane. Zinangokhala pamchenga pakati pawo, nyerere n'kuyamba kuzungulira pepala la shuga.

Patapita nthawi Usumani anapinda mphasa naimirira. "Tiye ndikuperekeze."

Goliati anaimirira msanga ndi chiyembekezo, poti munthu amene wakutaya sakuperekeza. Anayenda limodzi kudutsa m'minda ya chinangwa, Usumani patsogolo, iye pambuyo. Goliati anayesa kukumbutsa za sitima imene anakwera ku Francistown atatsika ndege ya Wenela ija, mmene anagonera pa benchi imodzi atafunda jekete limodzi. Usumani anangoti, "Ndikukumbuka." Anadutsa pachitsime, anadutsa pa mzikiti, mpaka anafika pamphambano pamene njira imalowa mumsewu wa kumsika. Apo Usumani anaima.

"Mvula ikagwa tisamukira ku Chikweo. Atsibweni asiya munda."

"Ndidzabwera kudzakuonani. Si kutali, pa njinga ndi..."

"Goliati." Analitchula dzinalo mofatsa, ngati mmene ankamudzutsira m'chipatala cha ku mgodi. "Ukadzamva kuti ndamwalira, udzabwere. Udzaime kumbuyo, palibe adzakuthamangitse. Koma ndikali moyo, usabwere."

Anamugwira dzanja ndi manja awiri, monga achitira ndi munthu wolemekezeka amene sakumudziwa bwino, natembenuka. Goliati anaima pamphambanopo akuyang'ana msana wa mnzake ukuchepa pakati pa chinangwa. Anadikira kuti mwina acheuka. Mayi wina wosenza nkhuni anamupempha kuti apatuke, ndipo iye anapatuka, naimanso m'mbali mwa njira, akuyang'anabe.