Unaloza Kapena Sunaloze?

"Unaloza kapena sunaloze, iwe Tadano?" a Monma, mkulu wa labu, anakuwa mpaka masiki kutsetsereka pamphuno.

"Ndinaloza, bwana."

"Ndiye kafumbi kali kuti? Wadyera mpunga?"

Chikage Tadano anayang'ana pa sikirini. Mzere unali fulati. Ziro.

Kafumbi kameneko loboti inakatola m'mimba mwa fakitale ya magetsi a nyukiliya imene inaphulika kalekale, itakwawa miyezi eyiti. Kuchepa kwake, kambewu ka mchere ndi chimphona. Ntchito ya Chikage inali simpo: leza, kuwala kwamoto kwa m'makina, iwotche kafumbiko, makina awerenge mitundu ya yureniyamu mu utsi wake, ogumula fakitale adziwe chimene akukagwira. Koma leza sibweza. Yawotcha, yawotcha basi.

Lamulo ndi lomwe lija: usanadine batani, loza ndi chala, nena mokweza, "Zili bwino!" Wachiwiri wako alozenso. Tsikuli Chikage analoza pampu, bwino. Leza, bwino. Chowerengera, bwino, chikhalirecho chinali chozima. Chala chinangopita chokha, pakamwa panayankhula pokha, ngati m'mawa uliwonse zaka folo zonsezi. Kumbuyo kwake a Monma nawonso chala m'mwamba, "Zili bwino!" Kafumbi kanapsa, osawerengedwa.

Tsopano a Monma anatsitsa mawu, n'kumukankhira pepala.

"Tamvera, mwanawe. Lemba kalata yopepesa, unene kuti unaiwala kuloza, unadina ine ndisanafike. Woiwala amangowerama pamaso pa mabwana, Lolemba wabwerera pa makina ake. Ukalemba kuti tinaloza tonse, nkhani ikula."

"Ikulira ndani?"

"Usandiyankhe ngati mnzako wa ku karaoke! Ukakana, ukatsuka mabotolo m'chipinda chapansi mpaka imvi."

Chikage anafufuza mantha m'chifuwa mwake. Kunalibe. Mkwiyo, kunalibenso. Makinawa anawalimbanira zaka, poti kwawo ndi makilomita sikisi kuchoka pa fakitalepo, nyumba imene anaithawa fakitale itaphulika iye ali ku pulayimale, pano mukugona nguluwe. Anayesa kuiganizira nyumbayo kuti mwina pena pake pawawe. Chimene chinabwera m'mutu ndi mpunga wa nsomba ya samoni umene anauiwala m'galimoto. Uwonongeka ndi dzuwa.

"Peni iyi," anatero a Monma. "Mizere itatu yokha."

Chikage anayang'ana chala chake chamkombaphala. Chala wamba.

"Ndinaloza. Inunso munaloza."

Anavula magolovesi, n'kuwaponya m'bini yachikasu, n'kutuluka.