Mabatani a Yoram

"Yatupa bwanji chonchi ngati ili ndi pakati?" anafunsa Fauziya, mtsikana wokonza makompyuta kuseri kwa msika wa Balaka, uku akuitembenuza laputopu ija.

Inali ya malemu amuna anga, a Yoram. Chimwalirireni iwo, ndinkalemberapo mayeso a ana a pasukulu yathu ku Utale, mpaka tsiku lina inakana kutsekeka.

Fauziya anawerenga nambala ya kunsi kwake, n'kufufuza pa foni. "Mwayi wanu, amayi. Vuto ndi batire. Kampani inavomera kuti mabatire a mtundu uwu inawapanga molakwika, ena amayaka moto. Akukonza ulere. Ndiitumiza ku Blantyre."

"Ulere? Iyayi, mwina simunandimve. Tinagula ya kaunjika. Iwowo satidziwa."

"Amadziwa nambalayi."

Sizinandilowe m'mutu. Anthu a kutsidya kwa nyanja apepese kwa mphunzitsi wa ku Utale? Ndinangovomera.

Itabwerako, ndinalawirira pa kabaza kukaitenga. Inali itaphwa, ikunyezimira. Nditaitsegula, ndinaikankhira kwa Fauziya.

"Si yanga iyi."

"Ndi yanu, amayi. Onani zithunzi zanu, mayeso anu, zonse zilimo."

Zinalimodi. Koma mabatani anali ena. A Yoram ankalemba mwamphamvu ngati akusinja. Zilembo A, N ndi K zinafufutika kalekale, ndipo batani lalitali la m'munsi linali ndi kadzenje pomwe pankagwera chala chawo chachikulu. Changa chinkagona m'kadzenjemo tsiku ndi tsiku.

"Batire lake linamatidwa ku mabataniwo," anatero Fauziya. "Amasintha zonse pamodzi. Ena amachita kuvina akalandira atsopano."

"Nanga akale aja ali kuti?"

"Anabwezedwa kwa eni ake. Amakawaphwanya."

"Eni ake ndani? Si ine?"

Ndinasowa chochita. Ndithokoze? Ndikalipe? Ndikalipire ndani, poti palibe amene anandibera? Ndinati zikomo, mawu akumveka ngati a munthu wina.

Kunyumba ndinakhala pakhonde kuti ndilembe mayeso a Sitandade 7. Zilembo zonse zinkaoneka, zoyera mbee, koma zala zanga zinkangophonya. Dzuwa linapendeka ndisanalembe funso ngakhale limodzi, ndikukhula batani lalitali lija ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, pamalo penipeni pomwe panali kadzenje kaja.