Kadereno wa Asiyatu

Sayansi ya Kimika ndinkadana nayo, koma amene ankandiwawitsa mtima kwambiri ndi Asiyatu, mtsikana wa ku Chiuta amene ndinkakhala naye benchi limodzi kusukulu ku Insaca. Ine ndinkaloweza Chipwitikizi cha aphunzitsi liwu ndi liwu n'kumapeza 7 pa 20. Iye ankapeza 16, chonsecho Chipwitikizi chake anthu ankachiseka.

Kutatsala masiku atatu kuti tilembe porova yomaliza, mayeso omwe kupanda kufika 10 ndikanabwereza kalasi, ndinasolola kadereno wake, buku la manotsi ake, m'chikwama n'kupita naye kwathu. Sindinkafuna kumuwerenga ayi. Ndinkangofuna kuti nayenso alaweko 7.

Koma ndinamutsegula. Tsamba lililonse analipinda pakati. Kunja analemba mafunso, m'kati mayankho, m'Chinyanja chathu chomwechi, pena Chiyao. Pa funso la asidi anayamba ndi kulemba kuti, "ndimu, bwemba, madzi a batire." Masiku atatu onsewo ndinkadzifunsa mafunsowo tsamba lili chipindire, kenako n'kutsegula kuti ndione pomwe ndaphonya.

Atakhoma pauta, pepala la zotsatira, ndinapeza 11. Asiyatu anapeza 17, wopanda kadereno.

Ndinamubwezera tikuweruka, maso ali pansi.

"Ndinkadziwa kuti ali kwa iwe, Ivete," anatero akuseka. "Taona, wamudonthezera tiyi. Ukanangopempha."

"Sunavutike?" ndinafunsa chapansipansi.

"Pang'ono. Zolemba ndekha sizichoka m'mutu."

Tsopano makadereno anga onse ndi opinda pakati. Koma 17 ija imandiwawabe, ndipo izi zokha sindinamuuze.