Mphuno ya Elvina

Bala la opaleshoni litapola, adokotala a mumzinda wa Padang anamupatsa Yusnidar ntchito yovuta kuposa kumwa mankhwala. Anamuuza kuti khansa ya m'mawere imene anamuchotsayo sinangobwera yokha. Magazi ake anaonetsa vuto lina lakumtundu, limene limachititsa kuti munthu agwidwe ndi khansa mosavuta. Mayi ake, malemu Rosmaniar, anapita ndi nthenda yomweyo.

"Mukawauze abale anu," anatero adokotala. "Akadziwa msanga, adziteteza msanga."

Yusnidar si mayi wokhalira nkhani. Anaitanitsa mbumba yonse kunyumba yaikulu ya makolo: ang'ono ake awiri, ana awo aakazi ndi ake omwe. Anawauza zonse osapsatira. Misozi inagwa, mpunga unadyedwa, ndipo aliyense analonjeza kukayezetsa.

M'mawa mwake Yusnidar akutakasa rendang, nyama yophikidwa mu mkaka wa kokonati, kuseri kwa nyumba, kunatulukira Desmawati, mzamba wa pachipatala cha m'mudzimo. Awiriwa anakulira limodzi, choncho Desmawati sadikira kupatsidwa mpando.

"Ndamva kuti mwagwira ntchito yaikulu, anzanga. Nanga achimwene anu a Syafril ati chiyani?"

"A Syafril? Ali ndi mawere iwo aja?"

"Nanga mwana wawo Elvina?"

Apa nkhope ya Yusnidar inawala. Mudzi wonse unkadziwa kuti mwa ana onse, Elvina ndiye anali wapamtima pake, ndipo kukonderako sankachita nako manyazi.

"Ameneyo Mulungu wamusunga," anatero. "Si wa mbumba yathu. Zathu zimachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi: nyumba, minda ya mpunga, ngakhale fuko. Elvina ndi wa kwa mayi ake. Munda wathu salandira, ndiye nthenda yathu ailandira bwanji?"

Desmawati analawa msuzi, nkufunsa ngati akungocheza.

"Tandiuzani, mphuno ya Elvina ija ndi ya ndani?"

"Mukufunsa dala? Ndi ya malemu mayi anga yeniyeni, yokhotera pang'ono kumanzere. Mwanayo akamalowa pachipata ndimangoona ngati mayi abwera."

"Ndiye mphunoyo inadzera kuti? Inalumpha mpanda?"

Yusnidar anasiya kutakasa.

"Inadzera kwa bambo ake," anapitiriza Desmawati mofatsa. "Mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo. Minda ndiyo imatsata mwambo, koma magazi sadziwa fuko. Mwana aliyense wa malemu mayi anu, wamwamuna kaya wamkazi, akhoza kukhala nalo vutoli kapena ayi. Ngati a Syafril ali nalo, Elvina akhozanso kukhala atalitenga. Iwonso eni ake likhoza kuwadwalitsa khansa ya m'mawere, kapena ina ya amuna okhaokha."

"Ndiye kuti mwana wanga adwala?"

"Ayi. Kukhala nalo vutoli si kudwala. Kumangotanthauza kuti azipimidwa kawirikawiri, kuti kanthu kakayamba kapezeke kadakali kakang'ono."

Tsiku limenelo nyama inapserera. Yusnidar anachita mantha, ndipo manthawo anali pawiri. Syafril ankakhala kwa mkazi wake monga mwamuna aliyense wa kumeneko, choncho kukamuuza kunali kukalankhula za mawere pamaso pa mlongo wake, pakhomo pa eni. Nanga mlamu wake Nurbaiti, mkazi wa Syafril, akanena kuti, "Mwatibweretsera matenda m'banja mwathu"? Koma atakumbukira Elvina akuyamwitsa kamwana kake, anavala mpango nkunyamuka.

Atafika kwa Syafril, anafotokoza maso ali pansi. Syafril anaseka, akusisita chibwano.

"Achemwali, ndevu zonsezi ndikakhale pamzere ndi azimayi?"

Yusnidar anayang'ana mlamu wake, akudikira mawu owawa aja. Nurbaiti anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mupita mawa, bambo a Elvina. Ndevuzo mupita nazo." Kenaka anamugwira dzanja Yusnidar. "Alamu, mukanakhala chete ndiye mukanatilakwira."

Zotsatira zinabwera patapita milungu ingapo. Mwa ang'ono awiri a Yusnidar, mmodzi yekha ndiye anapezeka nalo vutoli. Syafril, ndi ndevu zake zonse, anali nalo. Elvina nayenso anali nalo. Atamuunika mawere ndi makina, anapeza kachotupa kakang'ono ngati njere ya mpunga, koti dzanja silikanakamva. Anakachotsa, ndipo adokotala anati kapezeka nthawi yabwino.

Elvina atapeza bwino anabwera kudzaona azakhali ake. Yusnidar atangoona mphuno ija pachipata, misozi inamutsika.

"Undikhululukire, mwana wanga. Zabwino za nyumba ino sunalandireko. Walandira choipa chokhachokha."

"Azakhali, musatero. Ndalandira mphuno, ndalandira nthenda, ndalandiranso azakhali amene anabwera kudzandiuza. Mwana wanga akula ndikumuona chifukwa cha inu." Anawapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake. "Koma mukanaonjezerako kamunda kakumtsinje kaja, sindikanakana."

"Choka apa, mbala iwe," anatero Yusnidar, akumukokera pachifuwa.

Khansa yakumtundu imadzera kwa mayi, imadzeranso kwa bambo. Adokotala akakuuzani kuti muli ndi vuto lotere, uzani abale anu onse amagazi, amuna ndi akazi omwe, kuti akaonane ndi achipatala. Musasiye mwana wa mlongo wanu poti ndi wa fuko lina.