Waya Waminga pa Chitunda Chonyowa

Kapitawo anali ataphunzitsa kale anthu oposa makumi atatu, moti m'mawa umenewo mawu ankangotuluka okha m'kamwa, mtima uli kwina. Ntchito yake pafamupo inali yoyang'anira mipanda ya ng'ombe, ndipo popeza msipu wonse unali m'mapiri, aliyense wolembedwa kumene ankadutsa kaye m'manja mwake asanapatsidwe kiyi wa njinga yamoto ya matayala anayi.

Wophunzira wa sabata imeneyo anali mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake wamng'ono. Kapitawo yemweyo ndi amene anamupemphera ntchitoyi, atatopa ndi madandaulo a mchemwali wakeyo.

"Pokwera, giya yoyamba," anatero kapitawo ali pakhomo pa shedi. "Chifuwa chipite kutsogolo, pafupi ndi mahandulo. Lunjikani pamwamba basi, osadula chitunda chopingasa, osatembenukira pakati. Potsika, thako kumbuyo."

"Alamu, ine ndayendetsa njinga yamoto zaka khumi ndi zisanu. Iyitu ili ndi miyendo inayi. Munaonapo tebulo litagwa lokha?"

"Tebulo silikwera phiri. Mangani lamba wa helemetiyo."

Tsikulo ankayenera kukatseka mpanda umene ng'ombe zinathyola pamwamba pa chitunda chakumadzulo. Kapitawo anamangirira mapolo ndi zida panjinga yake, kenako foni inalira. Anali manijala, akufunsa za geti yomwe anafunsa kale dzulo lake. Pobwerako anapeza mlamu wake atasanjikiza mipukutu yonse iwiri ya waya waminga pakeliyala yakumbuyo ya njinga inayo, kutsogolo kuli mbee. Anaona bwinobwino. Anatsegula pakamwa, n'kuganizira za mkangano winanso, bondo lake likuwawa, dzuwa likukwera. Anangotseka pakamwapo, n'kuliza injini.

Mvula inali itagwa dzulo lake ndipo udzu unali usanaume. Kapitawo ndiye anayamba kukwera, pang'onopang'ono, atawerama ngati munthu wosenza thumba. Atafika pamwamba anazimitsa injini n'kucheuka.

Mlamu wake ankabwera ndi giya yachiwiri, atakhala chilili ngati ali pamsewu wa tala. Atafika pakati, pamene chitunda chimaimirira kwambiri, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Kunangoti zii. Kenako njinga ija inayamba kubwerera chambuyo. Mlamu anaponda buleki yakumbuyo mwamphamvu, ndipo matayala akutsogolo ananyamuka, kuwala n'kuoneka pansi pake.

"Chotsani phazi!" anakuwa kapitawo. "Yakutsogolo! Finyani yakutsogolo! Gonerani mahandulo!"

Sanadziwe ngati mlamu wakeyo anamva kapena mantha ndi amene anamugwetsera kutsogolo. Matayala anabwerera pansi kuti phu! Njinga inakhulula pang'ono, n'kuima itapendekeka.

Kapitawo anatsetsereka ndi matako mpaka pamalopo. Anapeza mlamu wake atagona pathanki, maso ali tong'o, milomo ili mbuu.

"Yaima tsopano. Pondani yakumbuyo, pang'onopang'ono. Eya. Ikani loko wa buleki. Tsikirani mbali yanga ino, yakumtunda. Ikagubuduka ipite yokha."

"Manja akukana, alamu."

Kapitawo anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Munthu uja atatsika anangokhala paudzu wonyowawo, n'kumayang'ana kumunsi kumene kunali ngalande yamiyala. Kapitawo sanayang'aneko. Ngalande imeneyo ankaidziwa. Zaka zinayi m'mbuyomo anatulutsamo mmisiri wina wokonza mapampu, yemwe pano amayenda ndi ndodo ziwiri.

Anamasula waya uja n'kuugoneka pambali. Kenako kapitawo anaima kumtunda kwa njingayo, n'kukhotetsa mahandulo, n'kumamasula buleki pang'ono, kufinya, kumasula, kufinya, mpaka mphuno yake italoza kumunsi. Anakwera, n'kubwezera thupi lonse kumbuyo, n'kutsika nayo mwa kamba. Pokweranso chitundacho wapansi anapuma katatu.

"Nanga wayayu?" anafunsa mlamu wake, mawu ali pansi.

"Muli ndi phewa. Inenso ndili nalo."

Anakatenga polo panjinga imene inali pamwamba ija, n'kulipisa pakati pa mpukutu n'kunyamulizana, maulendo awiri. Minga zinkakola malaya, nsapato zinkaterereka. Ntchito ya maola awiri inawathera tsiku lonse. Ng'ombe zinkangowayang'ana zikubzikula.

Madzulo ali m'shedi, kapitawo anatenga fomu yolembapo ngozi pa msomali wake. Mlamu wake anaima pambali pa tebulo la masipanala, akupotokola helemeti m'manja.

"Ndiye mulembadi? Palibetu amene wavulala."

"Ndilemba."

"Andichotsa, alamu. Kunyumba ndikanena chiyani?"

Kapitawo anaweramira pafomupo. Analemba za giya yachiwiri, analemba za udzu wonyowa. Pa mzere wofunsa za katundu anaima nthawi yaitali, cholembera chili m'malere, kenako analemba kuti kapitawo anaona katundu atamangidwa kumbuyo kokha ndipo sanaletse. Anatembenuza pepala lija kuti mlamu wake awerenge.

"Mwadzilembanso nokha?"

"Akafuna kukalipa ayambe ndi ine. Inuyo mawa mubwerera pabwalo, muzikazungulira migolo yophunzirira kuyendetsa ija. Sabata yathunthu. Phiri muziliona ndi maso."

"Ngati mwana wa sukulu?"

"Eya, ngati mwana wa sukulu."

Mlamu anasayina.

Awiriwo atafika pageti ya nyumba za antchito anapeza mchemwali wake wa kapitawo akuanula zovala pachingwe. Anayang'ana malaya ong'ambika a mwamuna wake, n'kuyang'ananso matope a pathalauza la mchimwene wake.

"Achimwene, mwamuchita chiyani mwamuna wanga?"

"Afunseni eni ake. Pakamwa ali napo, m'mawa muja panali pakugwira bwino ntchito."

Mlamu anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu, n'kulowa m'nyumba. Kapitawo anapitirira mpaka pakhonde la kwake, n'kukhala pampando wapulasitiki. Mkazi wake anabweretsa beseni la madzi otentha ndi kansalu koti athowere bondo, koma anamupeza akusinza kale, nsapato imodzi itavulidwa, inayo ikadali kuphazi.