Mwanapiye wa Babu

"Mazira onse anaswa. Onse! Osati za nkhuku zanu zija, lina lasukusa, lina wadya galu. Makina anga sadziwa kusukusa."

Ankalankhula ndi a Winston, tcheyamani wa kalabu ya oweta nkhuku za Mikolongwe, ali pampando wometera kwa Fanuel pa Chitakale. Kalabuyo inali yaing'ono, mamembala onse ankakwana pabenchi imodzi, koma tcheyamani inali naye, ndipo ankavala tayi. Chipumireni ntchito kuesiteti ya tiyi, a Winston ankaweta nkhuku zosagulitsa ndiponso zosadya. Ankangoziyang'ana. Makina ankanenawo anali firiji yakufa imene anaikamo mababu, mbale ya madzi ndi kafani kochotsa m'kompyuta.

"Ehe," anatero Fanuel, akuwongola mzere wa kuseri kwa khutu.

Iye ankakumbukira bwino kuti mwezi womwe mazirawo anali m'firijimo mphepo inagwetsa mapolo, magetsi n'kusowa mpaka anthu kuiwala pamene pali switchi. Masiku amenewo ankameta makasitomala ndi sizasi. Nanga firiji ya a Winston inkatentha ndi chiyani? Koma wometa safunsa zambiri munthu asanadzuke pampando.

"Loweruka kalabu yonse ikubwera kudzaona," anatero a Winston podzisasa pakolala. "Nawenso ubwere, uphunzireko sayansi."

Zimene zinachitika zinali izi. Magetsi atathima, firiji n'kuyamba kuzizira, a Winston anaika mazirawo m'dengu, n'kuvundikira kholowa pamwamba. Anadutsa m'munda wa chinanazi kupita kwa Anesi, mng'ono wa akazi awo.

"Alamu, mwatibweretsera kholowa? Mwamva kuti kuno kwasowa mbatata?"

"Tsitsani mawu, alamu. Thadzi lanu lija likufungatirabe?"

Thadzilo linali la kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi. A Winston ananenapo pamsonkhano wa kalabu kuti nkhuku yotero imaoneka ngati inathawa akuisosola, ndipo mawuwo anamufika Anesi tsiku lomwelo.

"Yothawa akuisosola ija?" anafunsa Anesi. "Ikufungatira, ee."

"Zija zinali nthabwala."

"Chabwino. Mwambo wake mukuudziwa. Thadzi likaswera munthu wina, mwini thadzi amasankha mwanapiye mmodzi. Kusankha yekha, masana, anthu akuona."

A Winston anavomera msangamsanga. Anesi anachotsa mazira a thadzilo n'kuikapo a Mikolongwe. Koma limodzi analisiya, ati kuti nkhuku isaiwale kuti ili kwawo. Zimenezo sanawauze alamu ake.

Mazira ataswa, anapiye n'kuyamba kutsatira make pabwalo, magetsi anayaka. A Winston anadikira tsiku limene Anesi anapita kumsika wa Chinakanaka, anapita ndi katoni, n'kuwola anapiye onse. Powatsanulira m'firiji kunyumba, anaona kuti pakati pa akuda okongolawo pali kamodzi ka khosi lofiira, losalala ngati chala.

Anesi atabwera kudzafunsa za mwanapiye wake, anayankhidwa pazenera.

"Akule kaye, alamu."

Ulendo wina anauzidwa kuti a tcheya akupuma. Vuto silinali mwanapiye. Vuto linali lakuti anthu akaona Anesi atanyamula wa Mikolongwe, afunsa kuti wamupeza bwanji, ndipo Anesi akafunsidwa funso limodzi amayankha atatu.

Loweruka kalabu inafika, benchi yonse, Fanuel ali pambuyo. A Winston anatsekula chitseko cha firiji pang'onopang'ono ngati akutsekulira chipatala chatsopano. Anafotokoza za kutentha, za chinyezi, za kutembenuza mazira. Ananena kuti nkhuku ndi chinthu chachikale, tsogolo lili m'magetsi. Mamembala ankagwedeza mitu.

A Alufeyo, mmodzi wa mamembalawo, amene maso awo sankaona patali koma pafupi sankaphonya kanthu, anawerama.

"A tcheya, nanga aka? Khosi lake lapita kuti?"

"Babu," anatero a Winston osaphethira. "Dzira lake linali pafupi ndi babu, ndiye kutentha kunameta nthenga. Ngakhale kumayiko akunja zimachitika."

"Babu lometa chonchi ndilipeze kuti?" anafunsa Fanuel mwaulemu. "Taonani mzere wake kuwongoka. Ine wanga suwongoka choncho."

Apa m'pamene panamveka odi kuchokera kumunda wa chinanazi. Anali Anesi, thadzi la kameta lili m'khwapa.

"Pepani akuluakulu, ndakusokonezani. Nkhuku yangayi sikudya, ikungozungulira nyumba n'kumalira. Ndati poti madokotala a nkhuku nonse muli pano lero, mundionereko."

"Alamu, tili pamsonkhano," anatero a Winston.

"Sindichedwa, alamu."

Analiika pansi. Thadzilo linaima, linapendeketsa mutu, kenako linaitana kuchokera pansi pa khosi lake lamaliseche lija. M'firiji munaphulika phokoso. Anapiye anadumpha mmodzimmodzi, ena kugwa chagada, ena kudutsa pa nsapato zopolisha za a tcheya, onse kuthamangira kumodzi. Thadzi linatambasula mapiko n'kukhala pansi. Panangotsala timitu tikusuzumira m'nthenga, ndipo kutsogolo kwenikweni, pansi pa khosi lofiira lalikulu, panatulukira kakhosi kofiira kakang'ono.

A Alufeyo anaweramanso.

"A tcheya," anatero a Alufeyo, "babu lanu lija labwera lokha wapansi."

Benchi inagwedezeka. Wina anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe pobwera. A Winston anayang'ana firiji, anayang'ana nkhuku, kenako anakonza tayi.

"Mamembala," anatero, "ndinaiwala kutchula mfundo imodzi. Makina angawa ali ndi nthambi. Nthambiyo ili kwa alamu angawa, ndipo siidalira magetsi." Anatembenukira kwa Anesi. "Alamu, dzuwa lilipo, anthu alipo. Sankhani."

Anesi sanafulumire. Anagwada, anatulutsa anapiye mmodzimmodzi, kuwayang'ana miyendo, kuwayeza m'manja, kwinaku akufunsa maganizo a kalabu. Kalabu inathandiza ndi mtima wonse. Pomaliza onse anagwirizana pa wakuda wonenepa kuposa anzake, yemwe a Winston anali atamupatsa kale dzina.

"Mwaona nonse?" anafunsa Anesi.

"Taona," inayankha benchi.

Anamukulunga mwanapiyeyo kunsonga ya chitenje n'kuimirira.

"Nanga kakameta aka?" anafunsa a Winston motsitsa. "Simukatenga?"

"Ameneyo ndi wa babu, alamu. Ine ndingalande bwanji mwana wa makina?" Anayenda pang'ono, n'kucheuka. "Thadzilo likhale kaye konkuno liwalere. Magetsi sadziwika."

Thadzi lija linadzuka, linadzikung'untha, n'kulowa m'firiji anapiye ali pambuyo. Linapalasa mbale ya madzi mpaka kuigubuduza, kenako linakhala pansi pa babu penipeni.